Zomba: Boma Linachokamo ndi Mwendo Umodzi

Nkhani ya Zomba anthu amaikamba ngati ya mkazi wamkulu amene mwamuna anamutaya atapeza wachiwiri. Amati mzindawu unali pabwino, mbendera ikupepera panyumba ya bwanamkubwa, ndiye mu 1975 Dr Hastings Kamuzu Banda ananyamula likulu la dziko kupita nalo ku Lilongwe, ndipo kuchokera pamenepo Zomba inagona tulo tosadzuka nato. Munthu wodutsa pamsewu wa M3 akaona nyumba za njerwa zofiira, malata ake atadyeka ndi dzimbiri, savuta kuvomereza. Komatu nkhaniyi imaphonya pawiri. Imaphonya pa chimene chinachoka, imaphonyanso pa nthawi imene zinthu zinayamba kuthina. Mu 1975 kunachoka nduna, alembi awo akuluakulu ndi mafailo a maunduna. Chimene chinkadyetsa Zomba kuyambira kale, ndiye kuti malipiro a boma a pakutha pa mwezi, chinatsala, kungoti olandira ake anasintha. Mzindawu unabadwa wodya za boma ndipo ukudyabe za boma. Wofuna kumvetsa zimene zauchitikira m'zaka 50 zapitazi ayang'ane thumba la boma, kuti linali lolemera liti ndipo linapepuka liti, chifukwa kumene kuli mpando wa pulezidenti kumafotokoza zochepa kwambiri.

Tiyambe ndi chifukwa chimene azungu anasankhira malowa, pakuti matenda a Zomba ndi akumtundu. John Buchanan, yemwe anabwera ndi amishoni a ku Blantyre ngati mlimi wa mbewu, anakhazikika m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi nayamba kulima khofi ndi nzimbe. Iyeyu ndiye anamangira kazembe wa Britain, a Hawes, nyumba ija yomwe lero timaidziwa kuti Masongola, cha m'ma 1886. Harry Johnston atafika mu 1891 kudzakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda, anapeza nyumba ilipo kale, madzi abwino akutsika m'phiri chaka chonse, mphepo yozizira yoyanja khungu lake, komanso malo oti angathe kuyang'anira njira za akapolo zomwe zinkadutsa m'madera a mafumu achiyawo chakum'mawa ndi kumpoto. Kunalinso phindu lina lomwe silitchulidwa kawirikawiri: ku Zomba anali patali pang'ono ndi amishoni ndi amalonda a ku Blantyre, anthu omwe ankamuvutitsa ndi madandaulo ndiponso malangizo osawapempha. Pazifukwa zonsezi palibepo nchimodzi chomwe chokhudza malonda. Njanji itafika ku Blantyre mu 1908 siinapitirire ku Zomba, ndipo pamene ankaitalikitsa kupita kunyanja inadzera kumadzulo kwa phiri. Ngakhale njanji ya ku Nacala ya mu 1970 inadutsira ku Liwonde. Mabanki, masitolo aakulu, misika ya fodya ndi mafakitale zonse zinakhazikika ku Blantyre ndi Limbe. Zomba inapatsidwa bwanamkubwa, makalaliki, asilikali a KAR ndi ndende.

Maonekedwe a tauniyi mpaka lero amaulula kuti inamangidwira ndani. Kumtunda, m'mbali mwa phiri momwe muli mithunzi ndi mphepo, kunali nyumba za azungu, munda wa maluwa ndi bwalo la gofu la Gymkhana Club. Pakati, m'mbali mwa msewu waukulu, panali masitolo a amwenye ndi msika. Kumunsi, kofunda ndi kwa udzudzu, kunali malaini a anthu akuda ogwira ntchito m'maofesi ndi m'makhitchini. Tauni yotere siinalinganizidwe kuti ikule, pakuti kukula kukanabweretsa anthu omwe eni tauniwo sankawafuna pafupi. Umboni wake uli m'kalembera wa 1966. Patatha zaka 75 ili likulu, Zomba inali ndi anthu osakwana 20,000. Lilongwe, yomwe panthawiyo inali boma wamba la alimi a fodya ndi mtedza, inali ndi anthu pafupifupi omwewo, oposa 19,000. Blantyre inali itadutsa kale 100,000. Wonena kuti Kamuzu analanda Zomba ulemerero wake ayambe walongosola kuti ulemerero wa zaka 75 unathera kuti, poti sunathe kusonkhanitsa anthu oposa a pa boma la alimi.

Maganizo osamutsa likulu Kamuzu ankati anawalota ali m'ndende ya Gwelo, komwe atsamunda anamutsekera kuyambira mu Malichi 1959 mpaka pa 1 Epulo 1960. Maloto ake otchukawo anali atatu: likulu ku Lilongwe, yunivesite ku Zomba, ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja. Tiwone bwino kuti Zomba inali m'malotomo kuyambira pachiyambi, ndipo inali ndi gawo lakelake. Koma zimene zinachitika patangotha miyezi iwiri dziko litalandira ufulu ziyenera kuti zinauwitsa mtima wake pa tauniyi. Mu Seputembala 1964 anachotsa m'boma Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Masauko Chipembere anatula pansi maudindo awo. Mkanganowo unakambidwa m'Nyumba ya Malamulo ku Zomba pa 8 ndi 9 mwezi womwewo. Zina mwa zomwe ankalimbirana zinkakhudza mwachindunji ogwira ntchito m'boma: lipoti la Skinner lomwe linkawapinimbiritsa pa malipiro, ndiponso kuchedwa kopereka maudindo a azungu kwa Amalawi. Nchifukwa chake makalaliki a ku Zomba anaima mbali ya nduna zochotsedwazo, nanyanyala ntchito, namenyana ndi anyamata a chipani m'misewu kumapeto kwa mweziwo. Mu Febuluwale 1965 Chipembere ndi gulu lake atathira nkhondo ku Fort Johnston, ulendo wawo unali wa ku Zomba, ndipo anabwerera pa Liwonde atapeza chombo choolotsera chili tsidya lina la Shire. Mtsogoleri amene waona zoterezi sangaiwale kuti likulu lake lili pakati pa anthu omwe sali kumbali yake.

Apa ndi pomwe otsutsa amalowera ndi mfundo yawo yoyamba, ndipo ndi yomveka. Amati kusamukako kunali kwa ndale zokhazokha: Kamuzu anali wa ku Kasungu, ankafuna likulu m'chigawo chapakati pomwe chipani chake chinali ndi mizu, ndipo Britain itakana kupereka ndalama chifukwa inkaona kuti dziko losauka silingakwanitse ntchito yotere, iye sanachite manyazi kukatenga ngongole ya 8 miliyoni rand mu 1968 kuboma la tsankho la South Africa. Zonsezi nzoona ndipo palibe chifukwa chozibisira. Koma cholinga chokhota sichisandutsa chigamulo kukhala cholakwika pa chilichonse. Zomba inapanikizika pakati pa phiri lotalika kuposa mamita 2,000 kumbuyo ndi chigwa chotsikira ku nyanja ya Chilwa kumaso, chigwa chomwe muli midzi yothithikana ndi minda ya anthu. Mtsinje wa Likangala umaidula kumwera, timitsinje tambiri totsika m'phiri timaing'amba pakati. Malo omanga maunduna, nyumba za akazembe, bwalo la ndege zazikulu ndi malo a mafakitale kunalibe popanda kusamutsa anthu ochuluka. Ndiponso mfundo yoti chuma chonse cha atsamunda chinaunjikana ku mapiri a Shire, chigawo chapakati ndi chakumpoto zikungotumiza anyamata ku Joni ndi ku Harare, siinali yopeka. Likulu likanachoka ku Zomba ndithu, kaya ndi Kamuzu kaya ndi wina. Akanakhala wina, mwina likanangotsetserekera ku Blantyre, ndipo Zomba ikanatsala yopanda ngakhale chipukuta misozi.

Tsopano tiwerenge zomwe zinatsala, chifukwa apa ndi pamene nkhani ya mkazi wotayidwa imagwera. Nyumba ya Malamulo inatsala. Nyumba ya boma ya pulezidenti inatsala. Makina osindikizira a boma, omwe ankatulutsa Gazette ndi malamulo onse a dziko, anatsala. National Archives, komwe kumasungidwa zolembedwa zakale za boma, inatsala, ndipo mtengo wake amaudziwa bwino ofufuza mbiri, omwe amalirabe mapepala amene anapsa pamene moto unanyeketsa maofesi a boma ku Zomba komweko mu 1919. Ofesi yowerenga anthu ya National Statistical Office ili komweko, moti chiwerengero chilichonse cha anthu chomwe chili m'nkhani ino chinaphikidwa ku Zomba. Kulinso ofufuza za miyala ndi migodi, ofufuza za nkhalango, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo, asilikali a ku Cobbe Barracks, sukulu ya apolisi ndi ndende yaikulu. Pambuyo pake kunawonjezeka MANEB, yomwe imagwira tsogolo la mwana aliyense wolemba mayeso m'dziko muno, ndipo chapafupi pa Domasi pali olemba masilabasi ndi koleji ya aphunzitsi. Pamwamba pa zonsezi, mu 1973 Chancellor College inasamuka ku Chichiri mu Blantyre kudzakhazikika pa Chirunga. Tikaziika pamodzi tiona kuti ku Lilongwe kunapita olamula, koma osunga, owerenga, oyesa, ophunzitsa ndi olanga anatsala ku Zomba. Onsewa amalandira pakutha pa mwezi, amagula matemba ndi mpunga wa ku Chilwa pamsika womwewo, amalemba antchito a m'nyumba, amasoketsa mayunifolomu a ana. Kalembera akuvomereza: mu 1977 Zomba inali ndi anthu pafupifupi 24,000, ndipo pofika 1987 anali atadutsa 43,000. Malire a matauni amasinthasintha pakati pa kalembera wina ndi mnzake, choncho tisamange nyumba yonse pa manambala awiri. Komabe nzovuta kunena kuti tauni inafa m'zaka zomwezo zimene anthu ake anachuluka mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse.

Wina anganene kuti kuchuluka kwa anthu si ulemu, ndipo kuti tauni yomwe inali pakati pa zochitika inasanduka mosungira katundu wakale. Yankho lake ndi lowawa, pakuti zaka za pakati pa 1975 ndi 1994 ndi zimene Zomba inalemera kwambiri m'mbiri ya dziko lino, kungoti inalemera ndi zinthu zomwe palibe tauni ingazinyadire. Kamuzu mwini sanakhale kwenikweni ku Lilongwe kwakeko. Ankakhala ku Sanjika mu Blantyre, komwenso kunali makhothi akuluakulu. Ulamuliro unali wa mafuwa atatu, ndipo fuwa la Zomba linali ndi zinthu zitatu zoyandikana modabwitsa: nyumba yomwe aphungu ankayenera kulankhuliramo, koleji yomwe achinyamata ankaphunziramo kufunsa mafunso, ndi ndende zomwe olankhula ndi ofunsa ankathera. Ndende ya Mikuyu, kunja pang'ono kwa tauni, inatsegulidwa m'chaka chomwecho cha 1973 chimene koleji inafika. Ngati zinangochitika mwangozi, inali ngozi yomwe boma linaipindulira. Mphunzitsi wa pa Chirunga ankadziwa kuti ulendo wochoka m'kalasi kukafika m'chitolokosi sufuna ngakhale ola limodzi, ndipo ambiri anauyendadi, makamaka pakati pa zaka za m'ma 1970 pamene ophunzira bwino ochokera kumpoto ankasakidwa ngati mbewa. Felix Mnthali anali mmodzi wa iwo.

Milandu itatu ikukwanira kusonyeza kulemera kumeneku. Mu Meyi 1983 Dick Matenje, mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, nduna Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, ndi phungu David Chiwanga anagwidwa atachoka ku zokambirana za Nyumba ya Malamulo ku Zomba. Anawagoneka ku Mikuyu, ndipo tsiku lotsatira anaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, boma nkulengeza kuti afa pangozi ya galimoto akuthawa m'dziko. Kafukufuku wa mu 1994 anapeza kuti anaphedwa ndi apolisi, ngakhale kuti khothi linamasula Kamuzu ndi John Tembo pa mlanduwo mu 1995. Wachiwiri ndi wa Jack Mapanje, mlakatuli komanso mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, mmodzi mwa omwe anayambitsa gulu la alembi lomwe linalera Steve Chimombo, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Anthony Nazombe. Anamugwira pa 25 Seputembala 1987 ali ku Gymkhana Club, kalabu yomwe ija ya azungu, nakamusunga ku Mikuyu mpaka Meyi 1991 osamuuza mlandu wake. Wachitatu ndi wa Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, yemwe anayambitsa chipani cha MCP chomwecho, ndipo anafera m'ndende yaikulu ya Zomba mu Okutobala 1992. Mkazi wake Vera, yemwe anali m'ndende yomweyo, anatuluka mu Januwale 1993. Koma kuyandikana komwe kunkaopseza kuja kunabalanso china. Maepiskopi achikatolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, ophunzira a pa Chirunga anali m'gulu la oyamba kutuluka mumsewu kuivomereza poyera, boma nkutseka koleji. Tauni yogona siichita zotere.

Choncho chaka choyenera kuchiyang'anitsitsa ndi 1994, ndipo nchodabwitsa kuti ufulu umene ana a pa Chirunga anaumenyera ndi womwe unachotsera Zomba mwendo wotsala wa ulamuliro. Boma la Bakili Muluzi linasamutsira aphungu ku Lilongwe, m'chinyumba chachikulu chomwe Kamuzu anadzimangira koma osakhalamo kwenikweni, ndipo nyumba yawoyawo, yomangidwa ndi thandizo la China, inatsegulidwa mu 2010. Panalibe chifukwa chomveka choti nduna ndi alembi awo aziyenda mtunda wa pafupifupi makilomita 300 ndi mafailo nthawi iliyonse aphungu akakumana, ndiye kusamukako sikungatsutsidwe. Koma nakonso kuchoka kwa aphungu sikuyenera kukokomezedwa. Aphungu a chipani chimodzi ankakumana masabata owerengeka pachaka, ndipo omwe anamva kuwawa anali a malo ogona, ogulitsa zakudya ndi oyendetsa magalimoto. Chomwe chinagwedeza nyumba iliyonse mu Zomba chinachitika chaka chomwecho koma chinalibe mwambo wotsanzikana. Mu Febuluwale 1994 kwacha inamasulidwa kuti mtengo wake uziyenda ndi msika, ndipo inagwa kwambiri. Ndondomeko za World Bank ndi IMF, zomwe dziko linayamba kutsata mu 1981, zinafika pothina zedi: boma lichepetse ogwira ntchito, ligulitse makampani ake, liwononge ndalama zokhazo zomwe latolera. Ku Blantyre wamalonda ankakweza mitengo kwacha ikagwa. Ku Lilongwe kunadzaza mabungwe othandiza omwe amalipira motsatira dola. Ku Zomba kunali mphunzitsi, msilikali, wapolisi, namwino ndi kalaliki, anthu omwe malipiro awo amakwera pokhapokha nduna ya zachuma itanena. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Zomba inakhala pamsanapo zaka zoposa 100, ndipo njovu itawonda inalibe pena potsikira.

Dzimbiri lomwe woyenda pa M3 amaliona linachokera apa. Nyumba zambiri zakale za kumtunda ndi za boma, ndipo ndalama yokonzera nyumba ndi yoyamba kudulidwa bajeti ikathina. Nthambi zomwe zinatsala ku Zomba ndi zamtundu womwe nduna siziwinira mavoti: palibe amene anasankhidwapo chifukwa chogulira National Archives mashelefu. Ntchito zochepa zomwe sizinali za m'ofesi nazo zinazilala. Ku Changalume, komwe ankakumba miyala ya simenti, kunatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Chomwe chinakula ndi chuma cha ophunzira. Yunivesite itayamba kulandira ophunzira ochuluka kuposa mabedi ake, eni malo a ku Chikanda ndi madera ozungulira anamanga timizere ta zipinda za lendi, ndipo pambali pake panamera malo odyera, osindikiza mapepala, ometa, a kabaza ndi ogulitsa mayunitsi. Ena amaona zimenezi ngati umboni woti Zomba yapeza moyo wakewake wosadalira boma. Chaka cha 2011 chinayankha. Mu Febuluwale chaka chimenecho mkulu wa apolisi Peter Mukhito anaitana mphunzitsi Blessings Chinsinga kukamufunsa za zomwe ananena m'kalasi zokhudza zipolowe za ku Tunisia ndi Egypt. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi Jessie Kabwila, anakana kulowa m'kalasi mpaka atatsimikiziridwa ufulu wophunzitsa mopanda mantha, anayi anachotsedwa ntchito, ndipo maphunziro anaima pafupifupi miyezi 8 mpaka boma la Bingu wa Mutharika linagonja. Pa ndale, ichi chinali chipambano cha Chirunga chofanana ndi cha 1992. Pa zipinda za ku Chikanda inali miyezi ya maloko pazitseko. Ndalama ya wophunzira imachokera kwa kholo kapena ku ngongole ya boma, koma imafika ku Zomba pokhapokha koleji ya boma ili yotsegula.

Mfundo yamphamvu kwambiri ya otsutsa ndi ya manambala a Lilongwe. Mizinda iwiri yomwe inali yofanana mu 1966 inafika pa kalembera wa 2018 wina uli ndi anthu pafupifupi 989,000, wina 105,000. Kodi umenewu si mtengo wa kutaya likulu? Mbali ina ndi choncho ndithu, ndipo kukana kungakhale kuuma mutu. Koma Lilongwe inali ndi zina zomwe dzina la likulu linangozidzutsa: chigwa chachonde cha fodya ndi chimanga, malo otakasuka, misewu yopita ku Zambia, kumpoto ndi kunyanja. Mzinda woyenera kuufanizira ndi Zomba ndi Mzuzu. Mu 1966 Mzuzu inali ndi anthu osakwana 10,000, theka la a ku Zomba, ndipo siinakhalepo likulu la dziko ngakhale tsiku limodzi. Mu 2018 inali ndi anthu oposa 220,000, kuwirikiza kawiri Zomba. Chinaikuza ndi chakuti chigawo chonse chakumpoto chilibe kwina kogula ndi kogulitsa zinthu zikuluzikulu, ndipo katundu wa ku Tanzania amadutsa pomwepo. Zomba ili pa makilomita osakwana 70 kuchokera ku Blantyre. Wofuna sipeyala ya galimoto, wofuna dokotala wa matenda ovuta, wofuna kuoda katundu wa m'sitolo amakwera minibasi m'mawa nkubwerako dzuwa lisanapendeke, ndipo msewu utakonzedwa bwino ulendowo unangofupika. Mtengo waung'ono womera pansi pa mkuyu sukula ngakhale uuthirire. Pakati pa 2008 ndi 2018 anthu a mu Zomba anachuluka mochedwa kuposa a dziko lonse, pamene dzina loti ndi mzinda inali italandira kale m'nthawi ya Bingu. Dzina, kaya la likulu kaya la mzinda, silinakhalepo chokuza Zomba.

Otsala ndi omwe amati chipulumutso chili m'zokopa alendo, natchula Livingstone wa ku Zambia, yemwe anataya likulu mu 1935 nkudzukanso ndi alendo. Koma Livingstone ali ndi mathithi a Victoria, omwe anthu amaolokera nyanja zamchere kudzawaona, ndiponso ali pamalire. Zomba ili ndi phiri lokongola ndithu: Ku Chawe, dzenje la Chingwe, mathithi a Williams, ndi malo aja oonera chigwa omwe anatchedwa dzina pokumbukira ulendo wa Haile Selassie mu 1965. Vuto ndi loti phirilo nalonso ndi la boma. Nkhalango ya paini ya pamwamba pake inadzalidwa ndi kusamalidwa ndi nthambi ya zankhalango, ndipo nthambiyo itachepa anthu ndi ndalama, mitengo yodulidwa siinabwezeretsedwe mokwanira, moto wolusa unayamba kudutsa chaka ndi chaka, ndipo amacheka ndi otentha makala analowa ngakhale m'mitengo yachilengedwe. Nkosavuta kuwanyoza amayi otsika m'phiri m'mawa ndi mitolo ya nkhuni pamutu, kapena anyamata okankha njinga zodzaza matabwa, koma iwowa ndi gawo la Zomba lomwe malipiro a boma salifikira, ndipo phiri ndilo bwana wawo yekhayo. Zotsatira zake sizikhudza alendo okha. Madzi onse a m'mipopi ya mzindawu amadalira damu la Mulunguzi lomwe lili pamwamba paphiripo. Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe inaphwa mu 1968, mu 1995 ndiponso pafupifupi yonse mu 2018, nkusiya asodzi a ku Kachulu akuyenda pansi pomwe ankapalasa mabwato. Ndipo achikulire a ku Zomba amakumbukabe Napolo wa mu Disembala 1946, pamene phiri linatsika ndi madzi, miyala ndi matope nkukokolola milatho ya m'tauni. Nthawi imeneyo m'mbali mwa phiri munali mitengo yambiri ndi nyumba zochepa. Lero ndi mosemphana.

Pali kusamuka kwina komwe kukuchitika mwakachetechete, ndipo kukukhudza thumba lenilenilo. Kwa zaka zambiri Mmalawi aliyense wofuna digiri ya malamulo, ya uphunzitsi kapena ya sayansi ankayenera kudzera pa Chirunga, ndipo makoleji onse a University of Malawi, kuyambira Bunda mpaka Polytechnic, ankalamulidwa kuchokera ku ofesi ya ku Zomba. Mzuzu University inatsegulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Bunda inapatuka nkukhala maziko a LUANAR, yunivesite ya sayansi inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mayunivesite a mipingo ndi a anthu wamba anamera mu Lilongwe ndi Blantyre, kufupi ndi ogwira ntchito omwe amaphunzira madzulo. Mu Meyi 2021 University of Malawi inagawidwa patatu: makoleji a zaumoyo anakhala KUHeS, Polytechnic inakhala MUBAS, ndipo Chancellor College inatsala ndi dzina lakale yokha. Zomba inasunga dzina ndi mbiri, monga inasungira Gazette ndi mafailo akale mu 1975, koma ulamuliro pa maphunziro apamwamba a dziko lonse unachoka. Malo monga Centre for Language Studies, omwe anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, akadali komweko, ndipo ophunzira pa Chirunga ndi ochuluka kuposa kale, moti zipinda za lendi zikumangidwabe ku Chikanda ndi ku Matawale. Koma akamaliza maphunziro, pafupifupi onse amakwera basi ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre ndi satifiketi m'chikwama, chifukwa mu Zomba olemba ntchito munthu wa digiri ndi omwe aja: yunivesite, chipatala, sukulu ndi maofesi a boma, ndipo mipando yake imatseguka wina akapuma.